Mphero ya Amama Pansi pa Mbendera

Fungo la masamba a malaina akamapsa limandikwiyitsabe mpaka lero. Ku Mzimba boma, mwezi wa Juni ukamatha, mitengo ya m'mbali mwa msewu wopita ku ofesi ya a DC inkayoyola masamba achikasu, aakulu ngati mbale, ndipo mphepo yozizira yochokera ku Viphya inkawamwaza mpaka pakhonde la positi ofesi ndi pamasitepe a khoti. Kunkakongola, sindinganame. Koma ife ana asukulu kukongolako tinkakuona titawerama, tsache m'manja, milomo itang'ambika ndi chisanu, chifukwa chikondwerero cha ufulu chinali pafupi ndipo tsamba logona pansi linkaoneka ngati mwano kwa boma. Tikasesa m'mawa, pofika masana mitengo yathothokanso. Tikatentha milu ya masambayo ankatipatsa zitini za laimu kuti tipake miyala yonse yondandalikidwa m'mbali mwa msewu, umodzi umodzi, mpaka zala kusupuka.

Chaka chimene ndinali mu Sitandade 4, akuluakulu a chipani anaganiza zoti mlendo wochokera ku likulu adzaone mbiri ya dziko ndi maso ake. Pabwalo la kutsogolo kwa ofesi anamanga zisakasa ziwiri. China anachilemba kuti LERO, n'kuikamo wailesi, makina osokera, mipando yofewa ndi mkazi wa tcheyamani wa dera lathu. Chinacho anachilemba kuti KALE, ndipo zoikamo sanakazifune kutali. Anabwera kwathu, adada ali ku ntchito ya macheka ku Chikangawa. Anyamata a malaya ofiira ananyamula mphasa yathu, mtsuko, zipande ndi mphero. Zinthu zimene tinagwiritsa ntchito m'mawa womwewo, pofika masana zinali zamakedzana.

Mphero ija inali ya mayi awo a amama, amene anamwalira ine ndisanabadwe. Inabwera pa ngolo kuchokera ku Edingeni tsiku limene amama ankalowa m'banja, ndipo pakati pake panali polowa, posalala, podyeka ndi manja a akazi awiri. Amama ankaperapo mawere a phala lathu akung'ung'udza kanyimbo. Amama, amene sankagwadira munthu wamba, anagwada pafumbi.

"Ndapota adada, tengani vyose, kweni mwala uwu ngwa amama wane."

Tcheyamani anawafunsa ngati akudana ndi chitukuko. Funso limenelo masiku amenewo linalibe yankho lachiwiri. Kenaka anaseka, nati poti mwalawo amaukonda chomene, adzabwere okha kudzaperapo pamaso pa mlendo, atenge ndi kamtsikana kawo. Amama anangoti yewo. Anthu aja atapita anandiuza kuti ndisalire, mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, mphero ibwera.

Tsikulo anativeka nyanda zoyabwa, zonunkha nkhungu, zimene sindidziwa anazifukula kuti. Amama anawavula mpango kumutu, mayi wa ana anayi, pamaso pa amuna a boma lonse. Tinakhala pamphasa yathu yomwe kuyambira m'mawa, mphepo ikutilowa m'mafupa, masamba akutigwera pamapewa, iwo akupera, ine ndikuwolera ufa m'lichero. Anzanga a m'kalasi anadutsa akuguba, akutsinana. Mlendo uja anaima pa ife kanthawi kochepa, nsapato zake zikuwala, n'kutiloza ndi ndodo nati anthu aone kumene chipani chinawachotsa. Khamu linaomba m'manja. Amama sanadzutse mutu, koma ndinamva mwala ukulira mwaukali kuposa masiku onse. Kuyambira pamenepo dzina langa kusukulu linasanduka Kale, ndipo linanditsata mpaka ndinachoka.

Wailesi ndi makina zinabwerera kwa eni ake madzulo omwewo. Ife anatiponyera mphasa yong'ambika ndi mtsuko wobenthuka. Za mphero, tcheyamani anati tsopano ndi katundu wa boma. Patapita masabata angapo tinaipeza tokha. Pamzere wa miyala yozungulira mtengo wa mbendera panali mpata, ndiye wina wanzeru zake anatsekapo ndi mphero ya agogo anga, n'kuipaka laimu mbee. Inali pamenepo poyera, aliyense akuiona, koma kuzula mwala pansi pa mbendera kukanakhala kuukira boma, ndipo oukira ankakwezedwa galimoto osabwereranso. Amama anayamba kukapempha mphero kwa anansi ngati mlendo.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti sanasiye kudzera njira imeneyo. Popita kumsika ankachepetsa liwiro, n'kuwerama ngati akuzula minga kuphazi, ndipo mwachangu ankachotsa ndi chikhato masamba odzaza polowa paja. Ankachita zimenezi chaka ndi chaka, laimu akukhuthala, mpaka polowapo panatsala pang'ono kufafanizika. Anamwalira asanaperepo kachiwiri.

Ndinabwererako nditakula, chipani chija chitagwa, ndili ndi thumba loti ndiikulungemo. Bwalo anali atalikonzanso, miyala yonse atataya, ndipo palibe amene ankadziwa kumene inapita. Masiku ano ndimamva achikulire anzanga akudandaula kuti kale tauni inali yaukhondo, misewu yoyera, popanda tsamba pansi. Ndimawasiya alankhule, kenaka ndimawafunsa ngati anayamba aonapo mayi awo akunamizira minga kuti akhudze mwala wawo womwe.