Kuperekeza ba Daka ku Livingstone

Tinachoka kwathu m'Nangongwe, ku Kafue, Lachisanu m'mamawa, mwezi wa Epulo, ine, amuna anga ba Daka, ndi mwana wathu Tisa amene anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tisa tinamuuza kuti tikukaona mathithi a Mosi-oa-Tunya. Sitinamunamize, koma sitinamuuze zonse. Fakitale ya nsalu inali itawachotsa ntchito atate ake pamodzi ndi anzawo ambiri, salaula, zovala zakale zochokera kunja, itadzaza pamsika. Atakhala chaka osapeza kalikonse, anaganiza zokayesa ku Botswana, ndipo njira ya kumeneko imadzera ku Livingstone. Tinapangana kuti tiwaperekeze, ndi kuti eni akewo ndiwo amuuze mwana. Milungu iwiri inatha akungoti amuuza mawa.

Mabasi a boma anali atasiya kuyenda masiku amenewo, choncho tinakwera ya munthu wamba, yolembedwa vesi kumbuyo koma matayala osalala ngati mbale. Tikiti ya munthu mmodzi inafanana mtengo ndi thumba la ufa. Ba Daka anauza kondakitala kuti Tisa ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi kuti akhale pamiyendo, koma Tisa anawakonza mokweza, natchula ndi giredi yake yomwe. Basi yonse inaseka, ife tinalipira. Ba Daka anali atavala jekete la salaula, munthu woti waluka nsalu zaka khumi ndi zitatu. Ankati jeketelo ndi mnzawo, nalonso linachoka kwawo kudzasaka ntchito kutali.

Titawoloka mlatho wa Kafue, basi inakwera mapiri a Munali ikulira ngati ikufuna kubwerera. Ku Mazabuka tinafika cha m'ma 9, nzimbe mbali zonse ziwiri, tinagula nthochi za pawindo. Ku Monze tayala linaphulika, tinakhala pansi pa mtengo ola lathunthu. Ndinawayang'ana ba Daka kuti mpata womuuzira mwana ndi uwu, iwo ananyamuka kukathandiza kugwira jeke.

Ku Choma tinatsika masana kugula mazira owiritsa ndi chibwantu, thobwa la Atonga. Mayi wogulitsayo ataona sutikesi yaikulu imene ba Daka sankafuna kuisiya m'basi, anafunsa ngati tikusamuka. Tisa anayankha kuti ayi, tikupita masiku awiri chabe, kungoti adadi ake amakonda zovala. Mayiyo anandiyang'ana kumaso, kenako anamuwonjezera mwana dzira limodzi laulere.

Kuchokera ku Zimba msewu unali maenje okhaokha, basi inkayenda m'mbali mwa tara. Tinafika m'Livingstone cha m'ma 17 madzulo titachita mbuu ndi fumbi, tinakagona kwa msuweni wanga ku Maramba.

Loweruka m'mawa minibasi inatisiya pageti la paki. Ife a m'dziko tinalipira pang'ono, azungu ankatulutsa madola. Mlonda wapageti, mayi wa yunifolomu yobiriwira, anati njirayo ndi yosavuta, agogo ndi makanda omwe amaimaliza, tingosamala anyani ndi miyala yoterera. Majasi a mvula ankabwereketsa, koma ife tinavala mapulasitiki aakulu amene msuweni wanga anawaboola pokwana mutu.

Nkhalango imeneyo sindinaionepo kwina. Kunja udzu unali utayamba kuuma, koma mkatimo mvula imagwa kumwamba kuli mbee. Ndi madzi a Zambezi amene amagwera kuphompho nabwereranso m'mwamba ngati utsi, nagwera pamitengo tsiku lonse. Mikuyu, kanjedza, mitengo yaitali yokulungidwa ndi zomera zoyanga, zonse zikudontha. Kanjira ndi kowaka ndi miyala, kopanda chitunda chenicheni. Tisa ankathamanga kutsogolo kenako n'kubwerera kudzatiuza kuti waona utawaleza pansi pa mapazi ake.

Pabenchi loyamba ba Daka anamukhazika pansi, namutchula dzina. Nthawi yomweyo nyani anatsomphola mabanzi m'chikwama cha mzungu wina n'kukwera nawo mumtengo. Tisa anaseka mpaka kugwira pamimba, atate ake anasekanso, nkhani inathera pomwepo.

Patsogolo pali kamlatho kopapatiza, kodutsa pamwamba pa phompho. Tisanakwerepo ndinawagwira mkono.

"Ba Daka, ngati simuzamuuza pano, nizamuuza ine mu basi, imwe kulibe."

Tinawoloka titagwirana, madzi akutimenya kumaso. Kutsidyako ba Daka anagwada pamiyala yonyowa, namugwira Tisa mapewa, nayamba kulankhula. Koma pamalo pamenepo phokoso la madzi ndi lalikulu kuposa makina onse a m'fakitale. Ndinkaona milomo yawo ikuyenda, mwana akumwetulira, akuganiza kuti akumuuza za mathithi.

"Mwati chani, Badadi?"

Ba Daka anabwerezanso, Tisa sanamve. Kachitatu anachita kufuula, pakamwa pali pakhutu lake. Mawu amene anawakonza milungu iwiri kuti adzawanene mofatsa anatuluka ngati akukalipa.

"Sinibwelela na imwe ku Kafue. Niyenda ku Botswana kusakila nchito."

Tisa anafunsa kuti adzabwera liti, iwo anati pa Khirisimasi. Kenako mwanayo anatembenukira kwa ine.

"Na imwe Bamami munali kuziba?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera. Tisa sanalire. Anachotsa manja a atate ake pamapewa, nayamba kuyenda yekha. Njira yonse yotsala tinkangoona pulasitiki yake patsogolo pathu pakati pa mitengo, ife awiri m'mbuyo. Mabanja ena ankatidutsa akujambulana.

Kunja kwa geti tinayanika zovala pathupi, padzuwa. Mpunga ndi nkhuku zimene tinanyamula palibe anazidya bwino. Cha m'ma 14 masana tinawaperekeza ba Daka pokwerera galimoto za ku Kazungula, kumene pantuni imawolotsa anthu pamtsinje kupita ku Botswana. Ndinamukankha Tisa kuti atsanzike, anakana. Galimoto italiza injini m'pamene anapita pawindo, nawauza kuti sutikesi yawo sanaimange bwino pamwamba, igwa panjira. Ba Daka anatsika, anamanganso chingwecho okha, mwana akuwayang'anira. Kutsanzikana kwawo kunali komweko.

Lamulungu tinabwerera awiri. Tisa anakhala kuwindo, analankhula koyamba titaona mlatho wa Kafue, kundifunsa ngati makiyi a nyumba ndili nawo ine.

Khirisimasi imeneyo ba Daka sanabwere. Makalata ankafika kuchokera ku Francistown kwa zaka ziwiri, kenako anasiya. Ndinafunsa kwa aliyense wobwera kuchokera kumeneko, wina amati anawaona ku migodi, wina amati anapitirira kum'mwera. Mpaka lero sindidziwa.

Wofuna kupita ndi ana apite, njira ndi yosavutadi, ola limodzi mwamaliza. Koma ife tinalakwa. Tinkaganiza kuti malo okongola afewetsa nkhani yowawa. Tikanamuuza kunyumba, pachete, akanakhala ndi milungu iwiri yofunsa, yokwiya, n'kukhululuka atate ake akadali pafupi. Tisa tsopano ndi mayi wa ana atatu ku Kafue Estates. Tsiku lina mwana wake wamkazi anamufunsa ngati mathithiwo ndi okongola monga amaonekera m'buku la kusukulu. Anati sakukumbuka. Akukumbuka phokoso lokha.