Dzimbiri la pansi pa masaka

Ine sukulu ya zitsulo sindinaiponde, koma chaka china ndinalozera makaniko wa ku Chipata malo amene payipi inadyeka ndi dzimbiri, iye asanaivule n'komwe, ndipo sindinaphonye ngakhale pamodzi. Ana anga ndikawafotokozera amati ndimadzitama. Adziwa chiyani iwo, anali asanamere ndi mano omwe.

Masiku amenewo tsidya la mtsinje wa Luangwa, kunkhalango ya nyama, tinkangoti ku Gemu, lisanakhale paki. Ine ndi amuna anga tinkagwira ntchito pa kampu ina ya alendo chakufupi ndi Nkwali. Ine ndinkachapa, iwo ankasonkha moto wa madzi osamba. Madziwo ankatenthera m'diramu lalikulu lokhazikidwa pa ng'anjo ya njerwa, ndipo payipi yachitsulo inkawatenga kupita nawo ku mabafa a alendo, kamtunda ndithu. Kuti madzi asazizirire m'njira, amuna anga anakulunga payipi yonse ndi masaka, n'kumanga ndi waya, n'kumata dothi, pamwamba n'kupaka laimu. Inkaoneka yoyera mbee, moti bwana wa kampu ankachita kuonetsa alendo ake.

Chaka chachinayi chikulungireni payipi, mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo, payipi ija inayamba kudontha pafupi ndi bafa loyamba. Bwana anaitanitsa makaniko. Atafika anang'amba masaka pamene pankadonthapo, n'kupeza chitsulo chikusendeka ngati khungwa la mtengo wouma. Anati saka lonyowa likagona pa chitsulo chofunda, dzimbiri limadya mofulumira kuposa pa chitsulo cha pamtetete, ndipo kuipa kwake kunja sikuoneka kanthu. Anati wokulunga sanamate bwino, mvula inkalowa, mwina payipi yonse yaola. Alendo ena ankayembekezeka Lachisanu, pamenepo n'kuti lili Lachitatu.

Bwana anatembenukira amuna anga pamaso pa antchito tonse. “Ikapezeka yaola yonse, mwezi ukatha mumange katundu.”

Kuchoka pa kampu kunali kusiya nyumba imene tinkakhalamo ndi ana atatu, kubwerera kumudzi kumene njovu zinali zitatha chimanga chaka chimenecho. Amuna anga anali munthu wolemera pakamwa. Anangovula chipewa, n'kuti, “Ndamva, bwana.” Ine mtima unandiwawa, koma unkandiwawa pawiri, chifukwa ndinkadziwa chimene onsewo sankadziwa.

Payipi ija inkadutsa kuseri kwa malo ochapira, itakwezedwa pa timitengo m'mwamba mofika m'chiuno. Miyezi yozizira, Juni ndi Julaye, alendo ankafuna matawulo ouma m'mawa uliwonse, ndipo matawulo okhuthala aja sankauma msanga. Ine ndinatulukira nzeru yanga: kuwayanika pa payipi yofunda, akadali chuchuchu. Ankauma bwino bwanji! Ndinali ndi malo anga atatu, kuseri kwa kochapira, pansi pa mtengo wa bwemba, ndi pafupi ndi bafa loyamba paja. Tsiku lina amuna anga anandipeza, n'kunena kuti, “Mayi a mwana, apo musamayanikepo.” Ndinawayankha kuti kodi payipi imadwala chimfine? Kuyambira pamenepo ndinkangodikira kuti apite kotola nkhuni. Zaka zitatu ndikuchita zimenezo.

Lachitatu lomwelo masana ndinayenda m'mbali mwa payipi kuyambira ku ng'anjo mpaka ku mabafa. Ife a kuno tikafuna kufukula madzi mumchenga wa mtsinje wouma, timayang'ana pamene njuchi zikutera. Ndinapeza njuchi zili mbwembwembwe pa laimu kuseri kwa kochapira ndi pansi pa bwemba. Kwina konse kunalibe ngakhale imodzi. Ndinadinapo ndi chala, dothi linali lofewa.

Ndinapita kumene bwana ndi makaniko ankakambirana zoti ayambe kuvula payipi yonse mawa lake.

“Mwaswera bwanji, bambo,” ndinatero kwa makaniko. “Musavutike kuvula yonse. Ng'ambani apa ndi apo. Kwinako chitsulo n'chabwinobwino.”

Makaniko anaseka. “Mayi, kodi mumaombeza?”

“Ng'ambani muone. Ndikaphonya, tichoke tonse awiri lero lomwe.”

Anang'amba kuseri kwa kochapira, dzimbiri linayoyoka lofiira m'manja mwake. Pansi pa bwemba chimodzimodzi, pena nsonga ya mpeni inatsala pang'ono kuboola. Kenako anasankha yekha malo ena anayi kuti andigwire bodza. Monsemo masaka anali ouma, chitsulo chili chakuda, cholimba, akachimenya ndi sipanala chikulira ngwee. Anasiya kuseka.

“Mwadziwa bwanji?” anafunsa.

Ndinamuuza za njuchi, ndipo anagwedeza mutu ndi ulemu. Ndikanalekera pomwepo, ndikanatchuka kampu yonse kuti ndine mayi wanzeru. Koma bwana anati, “Komabe malo atatu amenewa sanamate bwino, n'chifukwa chake munalowa madzi.” Anayang'ana amuna anga ndi diso loopseza. Amuna anga anangoti zyoli.

Apo ndiye ndinalephera kupirira. “Bwana, madziwo sanali a mvula. Anali a matawulo anu. Ndinkayanika ndine, iwowa anandiletsa, ine ndinachita makani.”

Bwana anandikalipira mpaka ophika anatuluka kukhitchini kudzamvera. Chizungu china sindinachimve, ndipo sindinafunse kuti andimasulire. Manyazi anandigwira, sindikana, koma sindinawerame. Makaniko anadula zidutswa zitatu zija n'kulumikiza zatsopano, amuna anga anakulunganso masaka, ndipo alendo a Lachisanu anasamba madzi otentha osadziwa kanthu. Za kumanga katundu sizinamvekenso.

Loweruka m'mawa ndikupita kochapa ndi beseni pamutu, ndinapeza amuna anga azika mitengo iwiri pafupi ndi ng'anjo, pamene pamafika kutentha kwa moto, akukoka waya pakati pake. Ndinatula beseni n'kuwafunsa chimene chinkandivuta masiku onse atatu aja.

“Bambo a mwana, kodi simunadziwe kuti ndine?”

“Ndinkadziwa. Ndinkawaona matawulo ndikamabwera ndi nkhuni.”

“Nanga bwanji simunanene kwa bwana? Akanakuchotsani ntchito!”

Anamaliza kupota waya, n'kumukoka kuti aone ngati walimba. “Ndikananena kuti chiyani, kuti achotse inu?”

Ine wa pakamwa ine, amene ndinayankha bwana ndi makaniko osagwedezeka, ndinangoweramira beseni. Ndinatola tawulo loyamba, ndinalifinya mpaka dontho lomaliza, n'kuliyanika pa waya wawo.