Kajongwe wa Achimwene Sitima

Mwaswera bwanji nonse. Ndangochokera kumanda kupulazi, kumunda wa azungu kuja ku Mvurwi, ndipo sindikudziwa ngati ndiseke kapena ndilire.

Mukukumbuka kuti amayi asanamwalire anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti pamanda pawo pamere kajongwe, duwa lofiira ngati moto lija. Nthawi ya Chitaganya ndinawaona ndi maso angawa akumenyedwa khofi ndi dona wapapulazi chifukwa chothyola limodzi kumpanda kwake.

Achimwene Sitima anati tiwasiyire ntchitoyi, poti iwo ndi amene ankasamalira maluwa a donayo. Anakakumba mizu yake kudambo m'chilimwe, kusanatuluke tsamba ndi limodzi lomwe, n'kudzaidzala pamandapo. Akuti iwo amazindikira ndi fungo.

Lero ndapeza zamera. Masamba ake ndi aatali, athyathyathya ngati mpeni, kaduwa kake kachikasu, kofota dzuwa lisanapendeke. Kajongwe tsamba lake limapindika kunsonga ngati kambedza, n'kumakolekera pa udzu pokwera. Ngakhale mbuzi zapakomboni zimamudziwa kuti ndi wakupha, n'chifukwa chake zimamulambalala.

Nditawaonetsa achimwene, ayang'anitsitsa, akanda m'mutu, kenako akuti, "Mlongo, ndi kajongwe ndithu ameneyu, kungoti ndi wamkazi."

Apo m'pamene ndakumbukira kuti kwa dona kuja achimwene ankangonyamula ndowa yothirira. Kukhudza duwa sankaloledwa.

Ndiye abale, titani? Tizule, tikasake weniweni mvula ikadalipo, kapena amayi amene anamenyedwa chifukwa cha kajongwe weniweni tiwasiye agone pansi pa wabodza kuti achimwene asachite manyazi?