Mutu wa Ng'ombe Uli Kuti, Amalume?

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amalume anga, a Makwinja, amene ankapha ng'ombe n'kumagulitsa nyama pamsika wina wa kwa Khwethemule. Inali nthawi imene bambo a mwana wanga anachotsedwa ntchito kufakitale ya tiyi, n'kupita ku Blantyre kukafuna ina, ulendo wosabwerera. M'nyumba ya kampani tinatulukamo, ine ndi mwana n'kubwerera kwa amayi. Tsiku lina amalume anaimika njinga pabwalo n'kundiitana.

"Esnati, kuesiteti kuli madamu ena akufuna munthu wowagulira mafuta a ng'ombe. Ndawauza kuti mphwanga ndi wamaso. Usakandichititse manyazi."

Madamuwo anali Mayi Gondwe, akazi a bwana wina wa mu ofesi ya esiteti, ochokera kumpoto. Kuseri kwa nyumba yawo ankapanga sopo ndi mafuta odzola. Odzolawo ndiwo ankayenda malonda, chifukwa nthawi ya mvula manja a anthu othyola tiyi amang'ambika m'zala mpaka kutuluka magazi. Mng'ono wanga Loveness ankathyola tiyi, ndiye manja otero ndinkawadziwa bwino.

Tsiku loyamba madamu anandipatsa ndowa ya malata ya chivindikiro, mpeni, ndi malamulo. Ankafuna mafuta a ng'ombe zodya msipu kudambo, zija zimakwera kuchokera kuchigwa cha Shire. Mafuta ake amakhala achikasu pang'ono. Ng'ombe za mkaka za kwathu kuno, zongokhala m'khola n'kumadya madeya, mafuta ake amakhala otuwa, ndipo amenewo sankawafuna. Abwino koposa ndi a kuimpso, olimba, amene ukawafinya amanyenyeka m'manja. Lamulo lalikulu analinena akundiloza ndi chala.

"Musagule pamalo pamene simunaone mutu, chikopa ndi chidindo cha avetenale. Mafutawa amalowa m'zilonda za anthu. Amene analipo inu musanabwere ndinamuchotsa pa nkhani yomweyi."

Kwa amene sakudziwa, m'misika ya kwathu wopha ng'ombe amaika mutu ndi chikopa poyera, pambali pa nyama. Wogula amaona yekha kuti ndi ng'ombe ndithu, kuti si yakuba, komanso kuti inaphedwa ili yamoyo, sinafe yokha. Wobisa mutu amakhala kuti ali ndi china chimene akubisa.

Ntchitoyo ndinaizolowera, koma mtima sunakhalepo m'malo. Ndinkalawira kumsika kuti ndipeze ng'ombe ikusendedwa kumene, chifukwa ukachedwa anyamata a chiwaya amakhala atasesa mafuta onse okazingira tchipisi. Anthu amenewo analibe ulemu, ankachita kukulanda m'manja uku akuseka. Ndikapeza, ndinkanunkhiza, n'kukulunga m'masamba a nthochi, n'kuvindikira ndowa kuopa ntchentche. Tikafika nawo kunyumba tinkachotsa mitsempha ndi tinyama totsalira, kudula tizidutswa, kuika musefuliya ndi madzi pang'ono ndi mchere, n'kusungunula pa makala ochepa. Moto ukachuluka mafuta amapserera ndipo fungo lake silichoka. Kenako tinkasefa pansalu yoyera, kusiya m'beseni kuti aundane, n'kupala zonyansa za kunsi. Madamu ankayang'ana m'ndowa asanandipatse moni. Ine ndinkayang'ana nkhope yawo.

Mu Disembala wa chaka chimenecho, tiyi ataphuka kwambiri, sitolo ya esiteti inapereka oda yaikulu ya mafuta odzola. Madamu anasangalala mpaka kundiitana kuti "achemwali". Koma mvula inagwa yoopsa, msewu wokwera kuchokera kuchigwa n'kuduka. Ng'ombe zinasiya kubwera. Mabotolo anali atatsukidwa kale, atayalidwa pakhonde, opanda choikamo. Tsiku lomaliza loti tisungunule litakwana, madamu anandiperekeza mpaka pageti.

"Esnati, lero musabwere ndi ndowa yopanda kanthu. Oda iyi ikatiphonya, bizinesi yatha, ndipo inunso ntchito yatha."

Ndinayamba ndi msika wa pafupi ndi fakitale. Panali mbuzi zokha. Ndinakwera matola kupita kwa Chimaliro, n'kupeza abutchala atakhala pamabenchi, mipeni ili m'zikwama. Wina anandiseka kuti, "Amayi a mafuta, lero kadzoleni a nsomba." Ndinanyamula ndowa n'kuuyamba ulendo wa kumsika wa amalume. Njira yonse ndinkangowerengera zimene zidzachitike: mwana wanga wopanda yunifolomu, ine kubwerera kukapempha ganyu m'minda ya anthu. Ndowa yopanda kanthu imachita phokoso poyenda, ndipo tsiku limenelo inkalira ngati ikundinena kwa aliyense.

Dzuwa litapendeka ndinafika pamsika wa amalume, matope mpaka m'mawondo. Ndili chapatali ndinaona nyama italendewera pamtengo, anthu ataunjikana. Ndinafulumira. Amalume atandiona anamwetulira, n'kutulutsa beseni pansi pa tebulo.

"Ndakusungira, mphwanga. A chiwaya andivutitsa kuyambira m'mawa, koma ndawakaniza. Tsegula ndowayo."

Mafuta anali ambiri, okwana oda yonse n'kutsalako. Koma anali otuwa. Ndinayang'ana pansi, pamene amalume ankaika mutu nthawi zonse. Panalibe. Chikopa panalibe. Ndinayang'ana pantchafu yolendewerayo, chidindo osachiona.

Kwathu malume ndi mwini mbumba. Ndiye amakamba za ukwati wako, ndiye amaweruza za munda wako, ndiye adzaimirire pamaliro ako. Sumufunsa mafunso pagulu. Ndinasendera pafupi, ndinagwada ngati ndikumanga chitenje, n'kunong'ona.

"Amalume, nanga mutu uli kuti?"

"Watengedwa kale."

"Nanga chikopa?"

"Iwe Esnati, wabwera kudzagula mafuta kapena kudzandizenga mlandu?"

Pomwe ndinagwadapo ndinaona thumba kuseri kwa tebulo, ntchentche zitalizinga. Sindikudziwa kumene ndinatenga kulimba mtima. Ndinakweza m'mphepete mwake. Munali mutu wa ng'ombe, khutu lake long'ambika, mphumi ili ndi banga loyera. Inali Dona, ng'ombe ya mkaka ya amayi anga, imene inkasungidwa m'khola la amalume. Ndinkaimwetera nsenjere ndi manja angawa. Mwana wanga anakulira mkaka wake.

Amalume anandigwira pamkono n'kundikokera pambali. Mawu awo anali atatsika.

"Inasiya kudya, inatupa mimba, lero m'mawa tapeza yafa. Ukufuna tiikwirire yonse? Amayi ako apezepo chiyani? Anthu akaona mutuwu aizindikira, sagula. Iwe tenga mafutawa. Akasungunuka adziwa ndani?"

Ankanena zoona. Akasungunuka, n'kuthiridwa zonunkhiritsa, palibe akanadziwa. Ngakhale kutuwako ndikanati ndi ng'ombe yaing'ono, madamu pa tsiku ngati limenelo sakanafunsa zambiri. Chimene chinapha Dona sindinkachidziwa, amalumenso sankachidziwa. Mwina moto ukanapha matendawo, mwina ayi. Ndinkangoona zala za Loveness zong'ambika zija, akuzipaka mafuta mosamala madzulo, akupuma kuti aah.

"Pepani amalume. Sinditenga."

Sanakalipe. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kunena kuti, "Ntchito ndinakupezera ndine." Kenako anatembenuka n'kuitana mnyamata wa chiwaya. Ndinaona beseni lonse likupita.

Ulendo wobwerera kuesiteti ndinalira njira yonse, kulirira ng'ombe, kulirira amayi, kudzilirira ndekha. Komabe pansi pa mtima ndinali ndi kachiyembekezo. Lamulo linali la madamu. Ndinkati akamva adzati mwachita bwino.

Ndinawapeza pakhonde, pakati pa mabotolo awo. Anavundukula ndowa, anayang'anamo, n'kuyang'ana ine. Ndinafotokoza zonse, osabisa ngakhale dzina la ng'ombe. Anagwira chibwano. Kenako anati:

"Mukanangobweretsa, osandiuza."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa a amalume. Ndinkayesa ndikusunga lamulo lawo, koma eni akewo analifuna pa masiku a dzuwa okha. Oda inapita kwa ena. Chaka chatsopano chitangolowa anandiuza kuti ndipume kaye, adzandiitana. Sanandiitane. Amalume anatha nthawi yaitali osayankha moni wanga, ndipo amayi, amene anamva nkhaniyi kwa achimwene awowo, ankangoti, "Iwe mwana ndiwe wouma mutu." Mvula imeneyo ndinalowa m'tiyi pambali pa Loveness, dengu kumsana, ndipo zala zanga nazo zinang'ambika.

Lero ndimapanga ndekha mafuta odzola, pang'onopang'ono, n'kumagulitsa kwa anzanga othyola tiyi. Abutchala a kuno amandidziwa, amandinena kuti ndine wovuta. Ndikafika, ndisanapereke moni, maso anga amayamba ayang'ana pansi. Mutu ukapanda kuoneka, ndimanyamula ndowa yanga n'kumapita, ilire mmene ingalirire.