Bauti Imene Ndinamanga pa Nsapato ya Ba Mulenga

Ntchito ya kudamu sindinaipemphe. Ndinali makanika wa mathirakitala pa famu ina ya ku Kasisi. Famuyo inali ndi damu lalitali, ndipo Loweruka anthu a ku Lusaka ankabwerako kudzasewera sikii ya pamadzi. Wosamala zida zawo atasiya ntchito, manijala anandiitana. "Daka, iwe uziba masipanala. Mailo uyambe kuboti."

Masewerawo amawatcha silalomu. Munthu amaima pa thabwa limodzi lopapatiza, phazi lina kutsogolo, lina kumbuyo. Boti limamukoka ndi chingwe, iye n'kumakhota kuzungulira mipira isanu ndi umodzi yoyandama pamadzi. Phazi lakumbuyo limangolowa m'lamba wamng'ono. Lakutsogolo limakhala m'nsapato yomangidwa pa thabwa, ndipo nsapatozo zili za mitundu iwiri. Yofewa ndi ya labala: umathira madzi a sopo kuti phazi lilowe, ndipo munthu akagwa phazi limavuka lokha. Yolimba ndi ya pulasitiki, yomanga ndi zingwe ndi malamba mpaka pamwamba pa kakolo. Mu imeneyo phazi silituluka. Munthu akagwa imachoka ndi nsapato yonse, chifukwa kuchidendene kuli kachitsulo ka sipuling'i kamene kamamasula. Kachitsuloko kali ndi bauti yaing'ono imene amaichuna molingana ndi kulemera kwa munthu.

Zimenezi ndikuzidziwa lero. Nthawi imeneyo palibe anandiuza. Ba Njovu, oyendetsa boti, anandiphunzitsa kukulunga zingwe, kutsuka majekete oyandamitsa munthu, kuthira petulo ndi kuyanika zida pamthunzi kuti labala isang'ambike. Pomaliza anati, "Chachikulu, pasapezeke chomasuka."

Mwa osewerawo amene ndinazolowerana nawo anali ba Mulenga a ku Silverest, bambo wamkulu thupi, wa zaka ngati zanga. Iwo Mbemba, ine wa ku Katete, choncho tinali pa chimbuya, ubale wonyozana moseka wa mitundu yathu iwiriyi, ndipo sankadutsa osandinyoza.

"Mbuya, mbewa zingati wadya lelo? Usagwile sikii yanga na manja ayo!"

"Imwe kolwe munadya uja ndiye amuphunzitsani kugwa m'madzi," ndinkayankha, poti kolwe ndi nyani m'chilankhulo chawo.

Tsiku lina anabwera ndi nsapato yolimba imene anagula kwa mnzawo. Mnzawoyo anali atawachunira kale. Anaiyesa Maloweruka awiri, koma mtima sunakhazikike. Ankati yolimba imakhota msanga, yofewa imawakhululukira akalakwitsa. Ba Njovu anati akhale pa ya labala imene ankavala kale. Ndiye ba Mulenga anatembenukira kwa ine, nsapato zonse ziwiri zili pa thabwa la doko.

"Mbuya, iwe ni makanika. Nivale iti? Osaninamiza."

Ndinafinya ya labala, ndinagogoda ya pulasitiki. Kugalaji chinthu cholimba ndicho chabwino. Ndinati, "Yolimba." Sindinali nditaimapo pa sikii ngakhale kamodzi.

"Wamva, Njovu? Injiniya wakamba."

Lachisanu lotsatira ndinkapukuta zida. Nditakoka chidendene cha nsapato yolimba ya ba Mulenga ija, chinangoti kwatu, n'kuchoka pa thabwa. Ndinachibwezera, ndinakokanso ndi mphamvu, chinachokanso. Ndinayang'ana bauti ndi kuona kuti ikadali ndi malo opota. Pa thirakitala bauti yotere imagwetsa gudumu. Ndinatenga kiyi wa aleni, kachitsulo kopindika kopotera mabauti otere, ndinaimanga mpaka inakana. Ndinakoka chidendene, sichinasunthe. Ndinapita kunyumba ndili wokhutira kuti ndapulumutsa munthu.

Loweruka m'mawa kunkazizira, madzi ali bata. Ine ndinakhala m'boti chammbuyo, monga woyang'ana wosewera. Ulendo woyamba ba Mulenga anadutsa mipira yonse akukuwa ndi chimwemwe. Anati tifupikitse chingwe kuti masewerawo avuteko. Pa mpira wachinayi mphuno ya sikii inabira m'madzi, thupi lawo linaponyedwa kutsogolo. Phazi lakumbuyo linavuka. Lakutsogolo linatsala.

Wosewera akagwa bwino amakweza manja pamutu kuti tidziwe. Sanakweze. Titafika, anali chagada, jekete likuwayandamitsa, kukamwa kuli yasa koma mawu osatuluka. Sikii inali ikadali pa mwendo, phazi litayang'ana kumene phazi siliyang'ana. Tinawakwezera m'boti ndi thabwa lomwe. Ba Njovu anakankha kachitsulo kaja ndi manja onse awiri, sikanamasule.

"Ndani anagwila apa?" anafunsa ba Njovu.

Kiyi anali m'thumba la ovolosi yanga. Ndinamutulutsa, ndinagwada, ndinayamba kumasula. Ndinapota nthawi yaitali, onse awiri akuyang'ana dzanja langa.

"Inali yomasuka," ndinatero.

"Ifunika kunkhala yomasuka!" anakuwa ba Njovu. "Ndiye nchito yake!"

Ba Mulenga tinawanyamula pa chitseko cha sitolo ya zida mpaka pa galimoto.

Kakolo anathyoka pawiri, ndipo kuchipatala anawaika zitsulo. Patapita sabata ndinakwera minibasi kukawaona kunyumba, nditanyamula malalanje. Anali pakhonde, mwendo uli pa mpando. Ndinapepesa. Ndinkayembekeza kuti anditukwana, ndipo ndikanalandira. Iwo anangoti, "Zikomo pobwela, ba Daka. Muyende bwino." Anali asananditchulepo ba Daka.

Manijala sanandichotse ntchito. Anati vuto linali la amene sanandiphunzitse, n'kundibwezera kugalaji. Kwa miyezi yambiri, Loweruka ndikamva boti likulira kudamu, sipanala inkandilemera m'manja. Ba Mulenga sanabwerenso. Ndinawaona kamodzi chaka chatha pamsewu waukulu, akuwoloka ndi ndodo, magalimoto akuwadikira. Ndinali m'minibasi ndipo sindinatsike.

Kwa amene angalowe ntchito yotere, ndinganene izi. Nsapato yolimba si yoipa, yofewa si yoipa, koma yolimba imafuna munthu wodziwa kuichuna, ndipo asanalowe m'madzi wosewera aivale padoko, agwere kutsogolo wina atamugwira, aone ngati ikumasula. Ine chinthu chimene sindidziwa ntchito yake sindichigwiranso ndi sipanala ndisanafunse. Munthu akandifunsa zimene sindidziwa, ngakhale anditche injiniya, ndimati, "Sindidziwa." Liwu limodzi limenelo likanasiya ba Mulenga ndi phazi lawo lili bwino.