Mayi Sajeni Odziwa Kuwerenga Nkhope

Mayi Sajeni anagwira ntchito kundende ya azimayi zaka makumi awiri, ndipo ankadzitama kuti mkaidi amamudziwa pongomuyang'ana. Nzeru zawo zonse zinali izi: wolira ngofunika kumulondera, wosalira ndi chilombo. Ankayenda makiyi ali jegedejegede m'chiuno, kudzimva udokotala wa mitima, chonsecho chimene ankatha ndi kuwerenga mitu pamzere.

Namwino wa pandendepo atapempha maina a akaidi amene angathe kudzipha, Mayi Sajeni analemba olira onse. Mayi wina, amene anamangidwa atabaya mwamuna wake, sanamulembe. Iwo ankamutchula Chimwala, chifukwa kukhoti sanagwetse msozi, ndipo zaka zinayi m'selo sanadandaulepo.

"Ameneyu alibe mtima," anauza namwino. "Angadziphe bwanji munthu wosamva kanthu?"

Kenako Chimwala anayamba kugawa zinthu zake. Chipeso anapatsa woyandikana naye pogona, juzi anapatsa wodwala chifuwa, sopo ndi ndowa n'kusiyira wobwera kumene. Anayenda selo ndi selo kupepesa aliyense amene anakanganapo naye. Mayi Sajeni mtima unangoti myaa. Pamzere wa m'mawa anamuimiritsa kutsogolo kuti anzake amuombere m'manja.

"Mwaona? Mwambo wanga umafewetsa ngakhale mwala."

Zinali zomvetsa manyazi, munthu akutsanzika iwo n'kumaombetsa m'manja.

Lachitatu masana akaidi anzake anamupeza kubafa atagwa, akupumira patali. Anathamangira naye kuchipatala, ndipo Mayi Sajeni anakhala pampando pambali pa bedi, akung'ung'udza kuti mkaziyo wawachititsa manyazi kwa akuluakulu.

Namwino pomusintha malaya anamutembenuza. Msana wonse unali zipsera zakalekale, zina za lamba, zina zooneka bwinobwino kuti ndi simbi yositira. Mayi Sajeni anayang'ana kumbali.

"Izi munkazidziwa?" anafunsa namwino.

"Sanandiuzepo."

"Munamufunsapo?"

Mayi Sajeni anakonza chipewa chawo, n'kunena kuti kufunsa mafunso si ntchito ya msilikali. Apo Chimwala anatsegula maso pang'ono, n'kuwaona ali pamenepo. Ndi mawu osasa, mwaulemu wonse umene anamuphunzitsa, anati, "Pepani madamu, ndakuvutitsani."

"Chabwino," anatero Mayi Sajeni. "Usadzabwerezenso."