Mayi wa Chithunzi Uja Anamupeza?

Apolisi anagogoda Loweruka masana, filimu ili pakati. Kunali kumapeto kwa ulamuliro wa chipani chimodzi, ine ndili ndi kanyumba koonetsera mavidiyo ku Ndirande, komwe ndinkaima pambali n'kumamasulira m'Chinyanja. Tsikulo tinkaonera ya mayi wa kudziko lakutali, woyendayenda ndi chithunzi cha mwamuna wake amene anasowa asilikali atalanda boma. Oonera anatulukira pawindo. Ine ananditenga ndi tepi yomwe, mayi akunyumba ali kumsika kogulitsa tomato.

"Asilikali olanda bomawa unadziwana nawo kuti?" anatero wondifunsa. Ndinati pakanema pomwepo. Yankholo sanalikonde, ndipo dzino langa lina linatsala m'chipindamo.

Kundende njala ndi nsabwe zinalipo, koma chondidya mtima chinali chakuti kwathu sankadziwa kumene ndili. Munthu wotero ankatha kufera momwemo, osamveka. Pofuna kuiwala ndinayamba kufotokozera anzanga mafilimu, a karate omwe, n'kumaponya theche muselo moti sungatambasule mwendo. Tinkaseka mpaka kutsokomola.

Mlonda wina wachikulire ankachedwa pakhomo pa selo yathu ngati akumanga nsapato. Mvula itayamba, m'mawa wina anandiitana.

"Iwe wamavidiyo, mayi wa chithunzi uja anamupeza mwamuna wake?"

"Sanamupeze, bwana."

"Chifukwa?"

"Alonda onse ankadziwa, koma palibe anatsegula pakamwa."

"Filimu yopusa," anatero, n'kuchoka.

Lachiwiri lotsatira ndinamva mawu a mayi akunyumba kugeti, omwe aja ondikalipira ndikaiwala kugula makala. "Ali muno amuna anga, musandinamize. Ndikhala pompano." Ndinalira ngati mwana. Ankabwera tsiku ndi tsiku, mwina ndi azakhali awo, mwina ndi amayi akutchalitchi. Munthu woti abale akudziwa pomwe ali ndi wovuta kumusowetsa. Nyengo ya chimanga chachiwisi ananditulutsa, osandiuza n'komwe mlandu wanga.

Panjira ndinawafunsa kuti anadziwa bwanji. Akuti bambo wina wachikulire anafika pabenchi lawo, n'kusankha tomato nthawi yaitali, n'kunong'ona dzina la ndendeyo, n'kumapita osagula.

"Anandifinyira tomato wanga yense munthu ameneyo," amaterobe mpaka lero. "Mulungu amudalitse."

Masiku ano adzukulu amaonera mafilimu oterewa pafoni, palibe wogogoda. Anzanga amadandaula kuti akazi awo amawalonda. Ine ndikangogwira chitseko ndimamva, "Mukupita kuti?" Ndimayankha bwinobwino, mokondwa, ngakhale ndikungopita kuseri kwa nyumba.